OpenMP, MPI kapena CUDA: njira yofulumizitsira pulogalamu ya sayansi

Pulogalamu yowerengera za nyengo kapena kayendedwe ka madzi ikayamba kutenga masiku kuti imalize, ambiri amathamangira kufunsa kuti pakufunika ma core (tizigawo ta purosesa timene timawerengera) angati. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti kodi manambala onse akukwana mu memory ya kompyuta imodzi, chifukwa yankho lake ndi limene limasiyanitsa OpenMP ndi MPI, njira ziwiri zogawira ntchito ya pulogalamu kuti zigawo zake zigwiridwe nthawi imodzi.

Ngati akukwana, OpenMP, yomwe inatuluka mu 1997, ndiyo yosavuta. Mumangolemba mzere umodzi pamwamba pa loop (gawo la pulogalamu lobwerezabwereza ntchito) yolemetsa, ntchitoyo n'kugawidwa kwa ma core onse amene akuwerenga memory imodzimodziyo. Msampha wake ndi wakuti ma thread (magawo a pulogalamu oyenda nthawi imodzi) awiri akamawonjezera pa nambala imodzi nthawi yomweyo, yankho limatha kusintha ulendo uliwonse mukayendetsa pulogalamuyo, popanda chenjezo lililonse. Mawu akuti reduction amathetsa vutoli, bola musaiwale kuwalemba.

MPI, ya mu 1994, imafuna thukuta. Kompyuta iliyonse imasunga chigawo chake cha gridi (timabokosi timene dera lowerengedwalo lagawidwamo), ndipo pa sitepe iliyonse imayenera kutumiza manambala a m'malire kwa zinzake zoyandikana nazo, zomwe wolemba pulogalamu amakonza yekha pamanja. Mukaidula gridiyo tizigawo tating'ono kwambiri, makompyuta amangokhalira kudikirana m'malo mowerengera, moti kuwonjezera ena sikuthandizanso. Komabe ntchito ikaposa memory ya kompyuta imodzi palibe kuchitira mwina, n'chifukwa chake ambiri amaphatikiza ziwirizi: MPI pakati pa makompyuta, OpenMP mkati mwa kompyuta iliyonse.

CUDA, imene NVIDIA inatulutsa mu 2007, imawerengera pa GPU (purosesa ya pa khadi la zithunzi) ndipo imathamanga modabwitsa pa ntchito monga kuchulukitsa ma matrix akuluakulu, koma inapangidwira makadi a kampaniyo, ndipo kukopera manambala kupita ku GPU n'kuwabweza pa sitepe iliyonse kumadya phindu lonselo.

Ine sindisankha iliyonse mwa zitatuzi ndisanayese pulogalamuyo ndi gprof kapena perf, zida zoonetsa pamene pulogalamu imathera nthawi yambiri. Gene Amdahl anasonyeza mu 1967 kuti gawo losagawika ndilo limaika malire: ngati 5 peresenti ya nthawi imathera pa ntchito imene core imodzi yokha ingagwire, liwiro silingachuluke kupitirira ka 20, ngakhale mutakhala ndi ma core 1000. Kawirikawiri gawolo limakhala kulemba zotsatira mu failo, core imodzi ikulemba, ena onse ali phee.