Mapu a GEBCO: abwino pofufuza mayiko amene anamira m'nyanja, koma ali ndi misampha

Amene akufuna kuona ndi maso ake pamene panali Doggerland (mtunda umene unamira pakati pa Britain ndi Europe) kapena Sundaland (mtunda umene unamira kum'mwera chakum'mawa kwa Asia) ayambire pa GEBCO. Awa ndi mapu a pansi pa nyanja omwe ntchito yake inayamba mu 1903 mothandizidwa ndi Prince Albert I wa ku Monaco, ndipo lero amapezeka pa intaneti mwaulere. Ndi chida chodalirika, bola udziwe malire ake.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Patsamba lawo lotengera mafayilo, jambulani bokosi pa dera lomwe mukufuna n'kusankha mtundu wa fayilo wotchedwa GeoTIFF. Musatenge fayilo ya dziko lonse, ndi yolemera magigabaiti angapo ndipo kompyuta yaing'ono imaima nayo. Tsegulani fayiloyo mu QGIS, pulogalamu ya mapu, ndipo m'chida chake chotchedwa Raster Calculator uzani pulogalamuyo ionetse malo onse okwera kuposa -120, kutanthauza mamita 120 kunsi kwa msinkhu wa nyanja wa lero. Nambalayi ikuchokera pa zaka pafupifupi 21,000 zapitazo, pamene madzi ambiri anali ataundana pamtunda ndipo nyanja inali yotsika ndi mamita pafupifupi 120. Pompo Britain amalumikizana ndi Europe, Sumatra, Java ndi Borneo zimakhala mtunda umodzi, ndipo Persian Gulf imauma pafupifupi yonse. Bwerezani ndi -60, kenako -30, muone Dogger Bank, malo osaya a mu North Sea, ikusanduka chilumba. Anthu ankakhaladi ku Doggerland: mu 1931 ngalawa ya asodzi yotchedwa Colinda inavuula mkondo wosemedwa ku nyanga ya gwape cha kum'mwera mu North Sea.

Apa ndipo pabwinopo. Vuto loyamba n'lakuti kabokosi kalikonse pa mapuwa n'kotalika mamita oposa 400 mbali iliyonse pafupi ndi equator, choncho mudzi, khoma kapena doko sizingaonekemo. Komanso ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a pansi pa nyanja lomwe linayezedwa bwino ndi zombo, kwinako n'kongoyerekeza kuchokera ku zimene masetilaiti anayeza. Ndiye tengeraninso fayilo ya TID, yomwe imanena gwero la kabokosi kalikonse. Ambiri amaisiya, ndipo ndi pamene amayamba kuona "misewu". Mu 2009 mizere yoongoka yooneka pa Google Earth kumadzulo kwa Canary Islands inatchedwa Atlantis, chilumba cha m'nthano chimene chinamira, pomwe zinali njira zimene zombo zoyeza zinadutsamo.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi ili: GEBCO ikuonetsa pansi pa nyanja pa lero, osati pakale. Matope a mitsinje anakwirira zigwa zakale, ndipo nthaka imene inapsinjidwa ndi ayezi ikukwerabe, mwakuti ku Gulf of Bothnia imakwera pafupifupi sentimita imodzi pachaka. Mzere wa -120 umanama kwambiri kumadera ngati amenewo. Ku Black Sea ndiye musauyese n'komwe. Nyanjayo inali yodzipatula kuseri kwa Bosphorus, mpata wopapatiza umene madzi amadutsamo ku Turkey, madzi ake akuyendera msinkhu wawo. Akatswiri William Ryan ndi Walter Pitman ananena mu 1997 kuti madzi a Mediterranean anasefukiramo mwadzidzidzi cha m'ma 5600 BC, koma akatswiri ena anapeza kuti kukwerako kunali kochepa. Mkangano umenewu umathetsedwa ndi matope okumbidwa pansi ndi kuyeza zaka za zigoba, osati mapu.

Pa nkhani za chigumula tisadzinamize. Ngakhale pa nthawi imene nyanja inkakwera mofulumira kwambiri, zaka pafupifupi 14,500 zapitazo, inkangokwera masentimita ochepa pachaka. Madzi otere amalanda dziko m'mibadwo, sagwetsa mudzi usiku umodzi. Nkhani zimene zimagwirizana bwino ndi mapuwa ndi za Aaborijini a ku Australia, zomwe akatswiri Patrick Nunn ndi Nicholas Reid anasonkhanitsa kuchokera m'malo 21, zokamba za zilumba zimene kale ankapitako wapansi. Koma chigumula cha m'nthano yakale ya ku Mesopotamia ya Gilgamesh chikufanana kwambiri ndi kusefukira kwa mitsinje, monga matope amene anapezeka ku mzinda wakale wa Shuruppak a cha m'ma 2900 BC akusonyezera, ndipo zimenezo GEBCO singakuonetseni chifukwa zili pamtunda ku Iraq.