Nthambo kapena sitima: kulondera phiri la moto la pansi pa nyanja

Phiri la Axial lili pansi pa nyanja ya Pacific, makilomita pafupifupi 480 kuchokera ku gombe la Oregon ku America, ndipo lili ndi akasupe otentha ambiri. Linaphulika mu 1998, 2011 ndi 2015. Ofufuza amalilondera m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi yopita pa sitima, kutsitsa roboti monga Jason, ndi kusiya zida zoyendera mabatire. Yachiwiri ndi nthambo yochokera kumtunda, yomwe chiyambire 2014 imapereka magetsi ku zida n'kutumiza zomwe zajambula nthawi yomweyo.

Mtengo: sitima umalipira ulendo ndi ulendo. Nthambo imadya ndalama zankhaninkhani poiyala, ndipo imafunabe sitima chaka ndi chaka yokakonza zida.

Liwiro ndiye pogona nkhani. Mu 2011 phiri linaphulika mu Epulo, koma anthu anadziwa mu Julaye, atapeza chiphalaphala chitakwirira zida zawo. Mu 2015 nthambo inaonetsa zivomezi zikwizikwi tsiku lomwelo, ofufuza ali khale mu ofesi.

Komabe nthambo siyenda, ndiponso sitola mwala kapena kutunga madzi okayeza kumtunda.

Wofuna kulosera kuphulika kwa phiri limodzi asankhe nthambo. Wosaka akasupe atsopano ndi zamoyo zake akwere sitima.