Makina ometera agalu a Moser Max 45 poyerekeza ndi otchipa: zimene zikugwirizana ndi kutentha kwa m'chigwa cha Shire

Agalu ambiri amene tikuweta kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje safunika kumetedwa. Galu wamakolo, amene amaperekeza abusa kudambo masana ndi kulondera khola usiku, ali ndi ubweya waufupi umene umathothoka wokha, ndipo Boerboel nayenso ali chimodzimodzi. Makina ometera ndi nkhani ya eni agalu ang'onoang'ono a ubweya wautali, monga Maltese, Poodle, Shih Tzu ndi ana awo osakanikirana, amene masiku ano tikuwaona m'makomo ena ku Nchalo, ku Ngabu ndi m'maboma. Ubweya wa agalu amenewa umangokulirakulira, ndipo ukapanda kumetedwa umapotana n'kukhala zibuma zolimba. Kupita nawo ku Blantyre nthawi iliyonse imene afunika kumetedwa ndi ulendo wodula, chifukwa ngakhale wochokera pa boma la Chikwawa ayenera kukwera zitunda za ku Thabwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo wa ku Nsanje ulendo wake umaposa pamenepo katatu. N'chifukwa chake funso la makina oti munthu azimetera yekha pakhomo limabwera msanga.

Eni ake a German Shepherd ndi agalu ena a ubweya wa magawo awiri asafulumire kugula. Agalu otere ali ndi ubweya wofewa wamkati ndi wina wolimba wapamwamba umene umatchinga dzuwa, ndipo kuwameta mpala sikuwaziziritsa monga mmene anthu amaganizira mwezi wa Okutobala ukafika. Galu amachotsa kutentha makamaka popuma wefuwefu lilime lili panja, osati potuluka thukuta thupi lonse. Chimene agalu amenewa akufuna ndi chipeso chachitsulo chochotsa ubweya wamkati umene wafa, mthunzi ndi madzi.

Kwa agalu oyenera kumetedwa, vuto lalikulu kuno si maonekedwe. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mvula ikayamba, dothi lamakande limamatirira m'miyendo ndi kumimba n'kuuma gwa. Pansi pa ubweya wopotanawo ndi pamene pamabisala nkhupakupa ndi utitiri, komanso mphutsi zija zolowa m'khungu, zimene ntchentche yake imaikira mazira m'dothi lodetsedwa ndi mkodzo pamene galu amagona. Mwini galu amadzazindikira chilonda chitayamba kale kununkha. Choncho makina ofunika ndi amene angalowe pansi pa ubweya wothithikana popanda kuukoka, ndiponso amene sangawotche khungu pa tsiku limene chitsulo chilichonse chimatentha chisanagwire n'komwe ntchito.

Ndagwiritsapo ntchito makina a mitundu itatu pa galu wathu, amene ndi wosakanikirana ndi Maltese. Oyamba ndi aja ometera anthu, amene timawaona m'mababashopu a pa Dyeratu ndi pa Nchalo. Ambiri mwa makina amenewa ali ndi mota ya maginito, imene imathamanga koma ilibe mphamvu yokankha, ndipo mano a mpeni wake ndi oyandikana kwambiri chifukwa anapangira tsitsi la munthu. Ubweya wa galu umamera wambiri pa bowo limodzi la khungu, motero mano oterowo amadzaza msanga, makina n'kuyamba kutafuna ubweya m'malo moudula. Phokoso ndi kunjenjemera kwake zimaopseza galu, ndipo galu amene wakokedwa ubweya kamodzi amathawira kunsi kwa bedi akangomva kulira kwa makina. Palinso chifukwa cha ukhondo chimene sichiyenera kunyalanyazidwa: zipere zimachoka kwa galu kupita kwa munthu, kotero makina amene ameta galu sayenera kubwereranso pamutu pa mwana.

Achiwiri ndi makina ang'onoang'ono a batire, otchajira pa USB ngati foni, amene amagulitsidwa m'masitolo ena ku Limbe ndi kwa amalonda a pa Facebook, kawirikawiri ali ndi chithunzi cha galu pa katoni koma dzina la kampani losadziwika. Ndiyenera kuwachitira chilungamo, pakuti ali ndi ubwino wake weniweni. Ndi opepuka, salira kwambiri, ndipo pakhomo pamene pali sola yaing'ono amatchajika popanda vuto. Ambiri ali ndi mpeni wa seramiki, umene sutentha msanga ngati wachitsulo. Pometa pakati pa zala, kuzungulira maso ndi kunsi kwa mchira amagwira bwino ntchito. Koma amene ndinali nawo ine ankaima akangofika pa ubweya wopotana wa kuseri kwa makutu, batire lake linayamba kutha msanga litadutsa nyengo imodzi yotentha, ndipo dzino limodzi la mpeni litathyoka sindinapeze wina wolowa m'malo. Makina onse anatha ntchito chifukwa cha dzino limodzilo.

Achitatu, amene ndikuwagwiritsa ntchito tsopano, ndi Moser Max 45, makina a chingwe opangidwa ku Germany. Kampani ya Moser ili m'manja mwa Wahl ya ku America kuyambira mu 1996, ndipo Wahl ndi dzina limene ometa ambiri kuno akulidziwa kale. Makinawa ali ndi mota yozungulira ya mawati 45 ndi maliwiro awiri. Liwiro lotsika ndi limene ndimaligwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa phokoso limachepa ndipo mpeni umachedwa kutentha. Lokwera ndimalisungira pamsana ndi m'ntchafu pamene ubweya ndi wothithikana. Kusiyana kwake ndi makina ena aja kumamveka m'dzanja momwemo: ubweya umene ena ankautafuna, awa amangoudutsa, ndipo umagwa pansi uli chigamba chimodzi. Thupi lake ndi lalikulu komanso lolemerapo, monga mmene makina onse a gulu limeneli alili, kotero munthu wa dzanja laling'ono amafuna kupumira, ndipo kumaso kwa kagalu kakang'ono sizasi ya nsonga zobulungira imagwirabe bwino kuposa makina.

Komabe chimene ndikuwayamikira kwambiri si mota koma mpeni wake, umene umachotsedwa ndi kubwezeredwa ndi dzanja popanda sikuludiraiva. Kamangidwe ka mpeni kameneka kamadziwika ndi dzina loti A5, kuchokera ku makina a kampani ya Oster, ndipo makampani a Andis, Wahl ndi Moser amapanga mipeni yolowa pa makina otere. Zimenezi zikutanthauza kuti mpeni ukabuntha simukutaya makina, ndipo simukukakamizika kufunafuna wa kampani imodzi yokha, chinthu chofunika kwambiri kwa ife amene katundu wotere timachita kuitanitsa. Mipeni ya Moser imalembedwa kutalika kwa ubweya umene imasiya, m'mamilimita. Ya makampani a ku America imalembedwa manambala, ndipo nambala ikakula ubweya wotsala umafupika: nambala 10 imasiya pafupifupi milimita 1.5, nambala 7F pafupifupi mamilimita 3, nambala 5F pafupifupi 6, ndipo 4F pafupifupi 9.5. Nambala 40 imameta mpaka pakhungu, ndipo ndi imene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito asanachite opaleshoni. Pakhomo ilibe ntchito. Chilembo F chikusonyeza mpeni wa mano ofanana kutalika. Ilipo mipeni ina ya mano otalikirana, amodzi aatali ena aafupi, imene imalowa bwino mu ubweya wokhuthala koma imagwira khungu mosavuta, ndipo munthu wophunzira kumene aisiye kaye.

Makina ambiri a gulu limeneli amabwera ndi mpeni umodzi wofupikitsa kwambiri, ndipo apa ndi pamene wogula wa m'chigwa muno ayenera kuwonjezerapo ndalama. Galu woyera wa khungu lofiirira akametedwa mpaka milimita imodzi kapena ziwiri thupi lonse, dzuwa la kuno limamuwotcha msana, ndipo ntchentche zoluma zimapeza polowera. Ine ndimameta thupi ndi mpeni wosiya mamilimita 6 kapena kuposerapo, ndipo wofupikitsawo ndimausungira kumimba, m'khwapa ndi pansi pa zibuma zimene chipeso chalephera. Zipeso zapulasitiki zovekera pa mpeni zimathandiza kusiya ubweya wautali, koma zimagwira ntchito pa ubweya wopesedwa bwino wokha. Zikakumana ndi chopotana zimakodwa.

Mpeni wachiwiri uli ndi ntchito inanso, imene kuno ndi yaikulu kuposa yoyambayo. Mpeni uliwonse wachitsulo umatentha chifukwa cha kukhulana kwa mano, ndipo masana a mu Novembala zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa. Galu sanena kuti akupsa. Amangoyamba kutembenuka, ndipo mawa lake mumaona khungu lofiira m'khwapa kapena m'mphechepeche limene akulinyambita osalekeza. Ndimagunditsa mpeni kunsi kwa mkono wanga pafupipafupi, ndipo ukandiwotcha ndimauchotsa, n'kuugoneka pa simenti yamthunzi ya pakhonde kuti uzizire, n'kuvekera wina. Nthawi yabwino yometera ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, pamene simentiyo idakali yozizira ndipo galu sanayambe kuwefuka.

Nkhani ya magetsi ndiyo imapangitsa anthu ambiri kukayikira makina a chingwe, ndipo sakulakwa. Amene analipo mu Januwale 2022 akukumbukira mmene namondwe Ana anawonongera damu la Kapichira, konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Galu wometedwa theka magetsi atazima ndi chinthu chomvetsa chisoni. Koma mawati 45 si ambiri, ndipo inveta yaing'ono ya pa batire la sola imawakwanitsa. Amene akufuna makina abwino a batire angaganizire Wahl Bravura, amene batire lake limagwira ntchito pafupifupi mphindi 90 ndipo amathanso kumeta ali pachingwe. Mpeni wake ndi umodzi wosinthika pa masitepe asanu, kuyambira nambala 9 mpaka 40, kutanthauza kuti yonseyo ndi yofupikitsa, ndipo pometa thupi pamafunika zipeso zovekera. Ndi oyenera kagalu kamene kamapesedwa mokhazikika, osati kamene ubweya wake wasiyidwa miyezi yambiri.

Otumiziridwa ndi achibale ochokera kunja awerenge zolembedwa pa makina asanawalowetse pa soketi. Magetsi athu ndi a 230V ndi 50Hz, pamene makina ogulitsidwa ku America ambiri ndi a 120V ndi 60Hz, ndipo otere amapsa akalowetsedwa mwachindunji. Ochokera ku Johannesburg kapena ku Ulaya amagwirizana ndi magetsi athu, kungoti pulagi yake kawirikawiri ndi ya mano obulungira ndipo imafuna adaputa yogwira zolimba, osati yogwederagwedera imene imazimitsa makina chingwe chikangokokeka pang'ono.

Makina abwino amabunthanso msanga ngati ameta galu wa litsiro, ndipo fumbi la m'chigwa muno m'chilimwe si lochepa. Mchenga wotsalira mu ubweya umanyenya mano a mpeni, choncho galu ayenera kusambitsidwa, kuumiratu ndi kupesedwa asanametedwe, ndipo njere za chisoso zichotsedwe ndi manja. Nkhupakupa nazo zizulidwe kaye, chifukwa mpeni ukaidula pakati mutu wake umatsalira m'khungu n'kuyambitsa chotupa. Pometa, makina ayende motsata kumene ubweya wagonera, mpeni utagona pathupi, ndipo dzanja linalo likunge khungu m'malo opindika. M'mphepete mwa makutu, m'khwapa ndi pa kachikopa kolumikiza ntchafu ndi mimba ndi pamene ngozi zambiri zimachitikira. Mukamaliza, ubweya wotsalira m'mano uchotsedwe ndi mswachi wakale, ndipo mpeni udonthezedwe mafuta ake pamano ndi m'mbali. Akatha mafuta amene anabwera ndi makina, a makina osokera angathandize, koma ophikira amamata ndipo amasanduka phala. M'nyengo ya mvula mipeni isungidwe yopaka mafuta m'kachitini kotseka, pakuti chinyezi cha kuno chimabweretsa dzimbiri mofulumira. Mpeni wobuntha usaperekedwe kwa onola zikwanje ndi nkhwangwa pamsika, chifukwa mbali zake ziwiri zimanoledwa pa chipangizo chapadera kuti zikhudzane bwino, ndipo zikanoledwa pa mwala wamba sizidulanso.

Mtengo wa Moser Max 45 pamodzi ndi mpeni wachiwiri si wochepa, ndipo kuyambira pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu woitanitsa kunja wakhala wolemetsa kwambiri. Kwa mwini kagalu kamodzi kamene amakapesa masiku onse ndipo amangofuna kukonza kumapazi ndi kumaso, makina ang'onoang'ono a USB ndi sizasi yabwino ndi zokwanira. Kwa amene ali ndi agalu awiri kapena atatu a ubweya wautali, kapena mmodzi wa ubweya wopotana msanga, makina a mpeni wochotseka ndi amene ndingalangize, kaya ndi a Moser, Andis kapena Oster, malinga ndi amene apezeka a magetsi oyenera. Mabanja oyandikana angathenso kusonkherana n'kugula makina amodzi, banja lililonse n'kukhala ndi mipeni yakeyake, ndipo thupi la makina lizipukutidwa ndi sipiriti lisanapite pakhomo lina. Galu amene ubweya ukuthothoka m'zigamba, kapena khungu lake lili ndi nkhanambo, aonedwe kaye ndi alangizi a ziweto, ndipo asametedwe ndi makina ogawana mpaka atachira.