Mabuku awiri amene ndinagula tsiku limodzi: zimene ndaona patatha miyezi 9

Sabata yatha mnzanga wina, amene ndi mlembi wa kalabu ya alimi ya kutsidya kwa mtsinje, anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi buku la Excel munagula ku Lilongwe lija linakuthandizani? Nanenso ndikufuna ndikapeze langa." Ndinawapempha kuti andipatse masiku awiri, chifukwa yankho lake silinali loti n'kulinena mothamanga mayunitsi akutha. Madzulo a tsikulo ndinatsegula kope limene ndimalembamo ndalama zotuluka m'thumba mwanga, ndipo nditaphatikiza zonse zimene buku lophunzitsa pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera manambalali landidyera kuyambira mwezi wa Epulo, ndinaona kuti ndi bwino ndilembe nkhani yonse, pamodzi ndi ya buku lachiwiri limene ndinabwera nalo kunyumba tsiku lomwelo ndisanalifune n'komwe.

Ine ndine msungichuma wa kalabu ya alimi a soya ndi mtedza ya anthu 63 kuno ku Mchinji. Kwa zaka zambiri masheya, ngongole za mbewu ndi matumba amene aliyense wabweretsa ndinkazilemba m'makope, mpaka pamene alamu anga anandibweretsera laputopu yakale kuchokera ku Johannesburg. Buku lophunzitsa Excel 2010, lalikulu, la masamba oposa 600, ndinalipeza kwa bambo wina woyala mabuku pansi pafupi ndi depoti ya mabasi. Ananena K28,000 ndipo anakana kutsitsa, ati mabuku onse ochokera kunja anakwera kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinapereka K30,000, iwo analibe chenji, choncho anatola kabuku kochepa thupi ka chikuto chofiirira n'kunena kuti, "Abwana, tengani aka kuti tisavutane." Kabukuko kanali kofotokoza chiphunzitso cha ku India chotchedwa Advaita Vedanta.

Mitu yoyambirira ya buku la Excel ndilibe nayo mlandu. Kuphatikiza manambala ndi SUM ndinakudziwa tsiku loyamba. Kusanja mayina motsatira alifabeti, kuimitsa mzere wa pamwamba kuti usamasowe potsika m'munsi, ndiponso kukonza tsamba kuti lituluke lonse pa pepala limodzi posindikiza, zonsezi zinafotokozedwa bwino. Zithunzi zake zikufanana ndithu ndi zimene ndimaona pa Excel 2016 ya mu laputopu yanga, pakuti kaonekedwe ka mabatani a pamwamba sikanasinthe kwambiri kuchokera pamene kanakonzedwa mwatsopano mu 2007.

Mavuto anayamba pa mutu wa IF. Ndinkafuna kuti kompyuta izindiuza yokha amene wamaliza ngongole ndi amene sanamalize, ndipo ndinalemba monga momwe bukulo linasonyezera: =IF(D2>0,"ali ndi ngongole","wamaliza"). Nditadina Enter panatuluka uthenga wonena kuti fomulayo ili ndi vuto. Ndinafufuta n'kulembanso, chala chimodzi chili pa tsamba la buku, china pa kiyibodi, chilembo ndi chilembo, koma uthenga unali womwewo. Ndinayesa chitsanzo chilichonse cha m'mutuwo ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinalola. Kwa milungu itatu ndinkabwerera pa tsamba limenelo madzulo alionse, mpaka ngodya yake inada ndi thukuta la m'manja, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina mutu wanga wa zaka 47 sungagwirenso zinthu zimenezi. Pomaliza ndinanyamula laputopu kupita nayo kwa wokonza makompyuta wina wa pa boma, amene anandiuza kuti pulogalamu yanga inawonongeka. Anaichotsa n'kuikamo ina, anandionetsa kuti SUM ikugwira ntchito, ndipo ndinalipira K15,000. Nditafika kunyumba, IF inakananso.

Amene anamasula mfundo imeneyi ndi mphunzitsi wa makompyuta wa pa sekondale ina, mkamwini wa mmodzi mwa mamembala athu. Sanatsegule n'komwe bukulo. Analemba =IF( basi, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kamzere ka malangizo kamene kamatuluka kunsi kwa bokosi. Pa kamzereko zigawo za fomula zinali zolekanitsidwa ndi mpatuliro wokhala ndi kadontho pamwamba (;), pamene buku langa linkalekanitsa ndi mpatuliro wamba (,). Chifukwa chake n'chakuti Windows ya mu laputopuyo inatcheredwa potsatira kalembedwe ka ku South Africa, kumene theka (0.5) amalilemba 0,5 ndi mpatuliro m'malo mwa kadontho, ndipo popeza mpatuliro watengedwa kale ndi manambala, Excel imafuna chizindikiro china cholekanitsira zigawo za fomula. Aphunzitsiwo analowa mu Control Panel, n'kupita pa Region, kenako pa Additional settings, ndipo anasintha malo awiri: chizindikiro cha madesimali anachiika kadontho, cholekanitsira mndandanda anachiika mpatuliro. Anandichenjeza kuti kusintha chachiwiri chokha sikuthandiza. Zonsezi zinatha madzi a tiyi asanawire. Kamzere kameneko kanali kakutuluka pamaso panga kwa milungu itatu yonse, koma maso anga anali pa buku, chifukwa ndinkakhulupirira kuti chosindikizidwa sichingalakwe. Ndafufuza m'mlozera wa kumapeto ndiponso m'mitu yonse, ndipo m'masamba 600 amenewo mulibe chiganizo ngakhale chimodzi chochenjeza kuti kompyuta yotcheredwa m'dziko lina ikhoza kukana zitsanzo zake. Bukulo linalembedwera owerenga a ku America, ndipo wolemba wake sanaganizire munthu ngati ine.

Mtima unakhala pansi kwa kanthawi, ndipo mu Julayi, aliyense akanandifunsa, ndikanamuuza kuti akagule mosakayika. Mu Ogasiti ndinafika pa mutu wa VLOOKUP, fomula imene imatenga nambala ya membala pa tsamba limodzi n'kukafufuza ngongole yake pa tsamba lina. Ndili pakati powerenga ndinaona kuti chiganizo cha kumapeto kwa tsamba 208 sichikugwirizana ndi cha pamwamba pa tsamba lotsatira. Nditayang'ana manambala ndinapeza kuti pambuyo pa 208 pabweranso 193 mpaka 208, kenako 225. Masamba 16 kulibe, chigawo chathunthu cha mapepala opindidwa pamodzi chinamatidwa kawiri ndipo chinzake chinasiyidwa. Ndinapitiriza ndi theka la mutu limene ndinali nalo, ndipo fomulayo inaoneka ngati ikuyenda. Chimene sindinadziwe, chifukwa chinali m'masamba osowawo, n'chakuti VLOOKUP ili ndi chigawo chachinayi. Ukalembapo FALSE imafufuza nambala yeniyeniyo, koma ukachisiya imatenga yoyandikira, ndipo ngati mndandanda sunasanjidwe imabweretsa mayankho olakwika popanda kuchenjeza. Kutatsala masiku awiri kuti tichite msonkhano wa mamembala onse, mabuku anga a mu kompyuta anasonyeza kuti K184,000 ikusowa.

Apa m'pamene kabuku ka chenji kaja kakulowera. Ndinali nditayamba kukawerenga m'miyezi ya m'mbuyomo nthawi imene magetsi azima, pakuti batire ya laputopu yanga sipyola mphindi 40. Mawu akuti advaita ndi a Chisanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, ndipo amatanthauza "si ziwiri". Chiphunzitsochi, chimene mphunzitsi wake wotchuka wakale ndi Adi Shankara wa cha m'zaka za m'ma 700, chimanena kuti chimene munthu ali kwenikweni, chimene amachitcha Atman, si chosiyana ndi Brahman, gwero la zonse zimene zilipo. Gawo lalikulu la kabukuko likunena za mphunzitsi wina wa chiphunzitsochi, Ramana Maharshi, amene anabadwa mu 1879 kumwera kwa India. Ali ndi zaka 16, mu 1896 mumzinda wa Madurai, anagwidwa mwadzidzidzi ndi mantha a imfa ngakhale kuti sankadwala. M'malo moitana anthu, anagona pansi ngati mtembo n'kudzifunsa kuti chimene chikufacho n'chiyani, ndipo anaona kuti thupi likhoza kuuma koma kuzindikira kwakuti "ndilipo" sikukhudzidwa. Patangopita milungu yochepa anachoka kwawo kupita ku Tiruvannamalai, m'munsi mwa phiri la Arunachala, ndipo sanachokekonso mpaka imfa yake mu Epulo 1950. Njira imene ankaphunzitsa ndi yaifupi: maganizo akakuvutitsa, usawathamangitse, koma funsa kuti akubwerera yani, ndipo "ine" amene akuyankhayo ndani.

Usiku wa K184,000 uja sindinagone. Ndinkaona kale nkhope za amayi amene amandipatsa ndalama zawo zomanga pa nsonga ya chitenje, ndinkamva kale mawu akuti wakuba akuyenda pa mjigo. Cha m'ma 2 koloko ndinayatsa tochi ya foni ndipo ndinatsegula pa fanizo lakale la chiphunzitsochi, la munthu amene madzulo kuli chisisira waona chingwe panjira n'kuchiyesa njoka. Thukuta lake ndi lenileni, kugunda kwa mtima ndi kwenikweni, koma njokayo sinakhalepo, ndipo chofunika si ndodo koma nyali. Sindikunena kuti ndinaona kuwala kwina kulikonse. Ndinangokhala pa mpando n'kuyesa funso lija, kufunsa kuti amene akuopayu ndani, ndipo ndinaona kuti mantha ankabwera n'kupita ngati mafunde pamene ine wowaonayo ndinali pomwepo. Zimenezi zinandikwanira kuti manja asiye kunjenjemera. Ndinatenga makope akale, ndinawerengetsa ngongole za anthu onse 63 ndi cholembera, ndipo pofika m'bandakucha ndalama zonse zinakwana mpaka tambala yomaliza. Mawa lake aphunzitsi aja anandiuza za FALSE pa foni.

Kabukuka ndakawerenga katatu tsopano, koma sindikugwirizana nako pa zonse, ndipo ndiyenera kunena zimenezi poyera. Ndine Mkhristu, ndipo ndimakhulupirira kuti Mlengi ndi cholengedwa ndi awiri, pakuti popanda uwiri umenewo sindikuona kuti pemphero lingapite kwa yani. Advaita imatenga fanizo la chingwe n'kuliyendetsa mpaka patali, kunena kuti kusiyana konse kumene timaona pakati pa ine ndi inu kuli ngati njoka ija. Ife tinaleredwa ndi mawu akuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo ine sindingathe kuyang'ana mayi wamasiye amene akundiwerengera ndalama zake za sheya n'kunena mumtima kuti uwiri wathu ndi kusaona bwino chabe. Kabukuko kamayankha kuti woona umodzi sangapondereze mnzake chifukwa mnzakeyo ndi iye yemwe, ndipo yankho limeneli ndimalilemekeza ngakhale silinandikhutiritse. Chodandaulitsa china n'chakuti mawu a Chisanskrit ndi ambiri ndipo kumapeto kulibe matanthauzo ake, moti ndinachita kudzilembera ndekha pa chikuto cha mkati. Guluu wa kumsana nayenso anamatuka mwezi wachisanu, ndinakasoka ndi ulusi wosokera matumba.

Kwa bambo ogulitsa mabuku ndapitako kawiri chifukwa cha masamba 16 aja. Ulendo woyamba, mu Sepitembala, anakana ngakhale kuligwira bukulo. Anati, "Abwana, katundu akachoka pano sabwerera, ndiye miyezi isanu yonseyi munali kuti?" Ndinawauza kuti munthu safika pa tsamba 208 tsiku limene wagula buku, koma sanamve, ndipo ndinachoka nditakwiya kwambiri, nditatsimikiza kuti sindidzapondanso pamenepo. Mu Novembala ndinapita ku Lilongwe pa zifukwa zina ndipo ndinadutsapo. Anali ndi kope lina la buku lomwelo lokutidwa m'pulasitiki, pa mtengo wa K32,000. Ndinawapempha kuti titsegule limodzi, ndipo atakanakana analola. Nalonso linalumpha kuchoka pa 208 kubwerera pa 193. Bambowo anakhala chete nthawi yaitali akutembenuza masamba, kenako ananena kuti nawonso anawapikula m'katoni kwa munthu wina ndipo sanadziwe. Anatulutsa K5,000 m'thumba la malaya n'kundipatsa, ndipo buku linalo analichotsa pa mulu n'kuliika m'chikwama. Ndalamazo n'zochepa, koma mchitidwe umenewo unandibweza mtima, chifukwa akanatha kuliyalanso ine nditangokhota.

Ndikawerengetsa, buku la Excel landidyera K28,000 yogulira, K15,000 ya wokonza amene sanakonze kanthu, ndi ulendo umodzi wa minibasi wopita ndi kubwera ku Lilongwe umene ndinayenda chifukwa cha ilo lokha, kuchotsapo K5,000 imene inabwerera. Landiphunzitsa zokwanira kuti msonkhano wa mu Disembala ndipite ndi mapepala osindikiza m'malo mwa makope, koma zinthu ziwiri zimene zinandisautsa kwambiri ndinaphunzitsidwa ndi munthu, kwaulere. Pa mtengo umenewo sindingauze mnzanga kuti akagule. Kabuku ka K2,000 kali pansi pa pilo, ndipo sindikubwereketsa.

Mnzanga uja ndamuyankha kuti abwere adzatenge langa, adzaphunzire mitu 12 yoyambirira, ndipo ndamulembera za mpatuliro ndi za FALSE pa pepala limene ndamata pa tsamba 208. Iwo akuumirirabe kuti akufuna lawolawo loti azilembamo. Tagwirizana kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi tipitire limodzi kwa bambo omwe aja, amene analonjeza kuti afunafuna buku la Excel 2016, ndipo tikakhala pa benchi yawo n'kuwerenga manambala a masamba onse tisanatulutse ndalama.