Kathirakitala ka backhoe, Massey kapena TLB ya hayala: zimene ndinaona pa zitsa za bulugamu

Chiyambireni anthu kuona kathirakitala kanga kali ndwii pansi pa mtengo wa mango kuno ku Thondwe, mafunso sakutha. Wina kutchalitchi, wina pa WhatsApp: "Achimwene, tigule kotani kokumbira ndi kuzulira zitsa?" Ndiye ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Ntchito zanga zinali ziwiri: kuzula zitsa za bulugamu zimene malemu bambo anasiya m'munda, ndi kukumba maiwe awiri a nsomba kudambo. Amene munalimbanapo ndi bulugamu mukumudziwa. Mukamudula amaphukanso, ndipo aganyu amatha tsiku lathunthu pa chitsa chimodzi, nkhwangwa ikungodumpha.

Ndinagula kathirakitala ka ku Japan kogwiritsidwapo kale ntchito. Wogulitsa, yemwe dzina ndisunga, anakakolekera backhoe (mkono wachitsulo wokumbira, wokhala ndi ndowa kumapeto) kumbuyo pa timikono titatu tija timene timakolekapo pulawo. "Kamakumba chilichonse, bwana." Kunena chilungamo, ngalande kanakumba bwino. Koma pa chitsa chachisanu ndi chinayi ndinalowetsa mano a ndowa pansi pa muzu, ndikukoka chogwirira. Matayala akutsogolo anadzuka pang'ono, kenako ndinangomva kuti thyo! Potsika ndinapeza oyilo akuchucha pa dothi lofiira, chitsulo cha kumbuyo kwa giyabokosi, pamene pamagwira kamkono kapamwamba, chitang'aluka ngati phale.

Makaniko wanga wa ku Chinamwali atafika anangogwira pakamwa. Ndiye anandifotokozera zimene wogulitsa uja anabisa. Timikono titatu tija anatipangira kukoka pulawo, mphamvu ikupita mbali imodzi. Backhoe ndi ina: imakoka, imakankha, imapotoza, imanyamula thirakitala yonse m'mwamba, ndipo nkhanza zonsezo zimathera pa malo amodzi aang'ono. Backhoe yomangidwa moyenera imakhala pa subframe, chimango chachitsulo chodutsa kunsi kwa thirakitala mpaka chapakati, kuti katunduyo agawike. Chitsulo chong'alukacho ndi cast iron (chitsulo choumbidwa m'chikombole), yomwe simvana ndi kuwotcherera wamba. Tinayesa, kanagwira masiku ochepa n'kutsegukanso. Ndinazungulira mashopu a ku Limbe nambala ya kathirakitalako ili papepala, aliyense akungopukusa mutu. Timathirakitala tambiri totere anatipangira msika wa ku Japan komweko, kulima minda ya mpunga ndi rotavator, makasu ozungulira ofewetsa dothi. Chitsa cha bulugamu sitinachilotepo.

Ndiye musanafunse za horsepower (mphamvu ya injini), gwadani musuzumire kunsi. Ngati mulibe subframe, tsanzikani.

Tilipo timathirakitala tobadwa ndi backhoe yake kufakitale. Kubota BX23S imabwera ndi ndowa kutsogolo, backhoe kumbuyo, zonse pa chimango chake, ndipo imakumba pafupifupi mamita 1.8. Yokulirapo, L2501 yokhala ndi backhoe ya BH77, imafika cha m'ma 2.3. Pa ngalande za madzi, maziko a nyumba ndi maenje a zimbudzi, izi n'zokwanira. Chondikayikitsa pa BX ndi kupepuka ndi kufupika kwake. Chitsa chachikulu chimakoka thirakitala m'malo moti thirakitala ikoke chitsa, ndipo m'makande a chakunyanja ya Chilwa nthawi ya dzinja timatayala take sitingapite patali. Mtengo wake ndi wa madola, ndipo za ndalama zakunja masiku ano sindikuuzani ine.

Mtima wanga uli pa Massey Ferguson, sindibisa. 375 kapena 385 si kathirakitala kakang'ono ayi, koma kulemera kwakeko ndiko kumafunika pa chitsa. Makaniko aliyense wa mathirakitala amaidziwa m'kati ndi kunja, zipangizo zake zimapezeka, ndipo mukamaliza kukumba muchotsa backhoe n'kukalimira anthu, ndalama ikulowa. Nayonso muimangire subframe, ndipo backhoe ikhale ndi pampu yakeyake yozungulitsidwa ndi PTO (shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala yoyendetsa zipangizo), chifukwa hydraulic (mphamvu ya oyilo) ya thirakitala yokha imachita ulesi.

Zitsa zanga pamapeto pake zinazulidwa ndi TLB ya hayala, chimakina chokumbira chokhala ndi ndowa kutsogolo ndi backhoe kumbuyo. Makina ngati JCB 3CX amalemera matani 8 kapena kuyandikira, amakumba kupitirira mamita 4, ndipo chitsa chija chinandithyolera giyabokosi chinatuluka ngati chinangwa. Masiku awiri munda unali mbee, maiwe atayambidwa kale. Apanso ndinalumidwa ndithu. Pafoni anandiuza mtengo wa pa ola, osanena kuti maola amayamba kuwerengedwa makina akangotuluka pageti pawo ku Blantyre, ndipo amasiya akalowanso. Ulendo wonse wa mumsewu wa M3, kupita ndi kubwera, pa liwiro la TLB, unali pamutu panga. Dizilo wanga, chakudya ndi pogona pa dalaivala zanganso. Funsani zimenezi musanatumize kobiri, ndipo zilembedwe.

Dalaivala uja ndinamuonerera bwino. Sanayambe n'kukoka chitsa ngati ine. Anakumba mozungulira mbali zonse, kudula mizu umodziumodzi, kenako kuchigwedeza ndi ndowa mpaka chitagonja. Anandiuzanso kuti ndikanamuitana mu Epulo kapena Meyi, nthaka ikadali ndi chinyezi, maola akanachepa. Ine ndinamuitana mu Okutobala, dothi lili gwa.

Kwa amene muli ndi zitsa za munda umodzi, bwerekani TLB, muthane nazo. Amene mudzakumba chaka ndi chaka n'kumalimanso, Massey ya subframe. Kubota yaing'ono ndingaivomereze kwa womanga nyumba m'mapoloti opanikizana a ku Matawale kapena Sadzi, kumene TLB singatembenuke. Kanga kaja kakadali pansi pa mango, nkhuku zikuikira pampando. Matayala ake akadali abwino, wowafuna andiuze.