Sola, injini ya petulo kapena thiredo, titumize chani kumudzi?

Chiyambireni chilala cha El Niño chija, pomwe a Chakwera analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, aliyense kuno ku Joni akufuna kutumiza pampu kumudzi kuti abale azilima dimba m'malo momangodikira marandi mwezi ndi mwezi. Ndiye pa magulu athu a WhatsApp mkangano ndi umodzimodzi, sola kapena injini? Ine ndimati musanalowe mushopu yambani mwaimba foni kumudzi mufunse za chitsime, nchakuya bwanji ndipo mu Okutobala chimatsala ndi madzi ochuluka bwanji, coz yankho lagona pamenepo.

Injini ya petulo ndi yomwe ambiri timathamangira chifukwa siboola mthumba pogula, komanso mamekaniki a njinga zamoto pa trading center iliyonse amatha kuikonza. Ya mainchesi awiri ija imatha kulavula malita 500 pa mphindi, ngati dimba lili m'mbali mwa Shire kapena mtsinje wina wosaphwa ndiye mwalemera, ekala yonse ya chimanga chachiwisi mwathirira m'mawa umodzi. Koma iikeni pa chitsime chokumba ndi khasu ku Balaka kapena ku Neno muone, mphindi zochepa yayamba kukoka matope, oyandikana nawo dimba ayamba kudandaula kuti zitsime zawo zatsika, nkhani mpaka kwa amfumu. Madzi enawo amangosefukira m'mizere nkukokolola feteleza wodula uja. Nanga petulo? Mukudziwa nokha mizere ya pa filling station kumudzi kuja, ya m'zigubu mtengo wake ngolira nawo, ndipo foni yoti tumizani ya mafuta ibwera kwa inu nomwe amene munagula.

Chinanso anthu amaiwala, injini imakoka madzi ili pamwamba ndiye madzi akatsika kupitirira mamita 7 kapena 8 basi siikokanso, kaya ndi ya dzina lotchuka bwanji. Thiredo pampu, yopopa poponda ndi mapazi ija, nayonso malire ake ngomwewo. Thiredo sindiyinyoza, siifuna mafuta ndipo siiphwetsa chitsime msanga, kungoti imafuna miyendo, ngati kumudzi kwatsala amayi okalamba ndi adzukulu musawazunze nayo pa dzuwa la ku Nsanje.

Sola ndi yodula poyamba, palibe kubisa. Pampu, mapanelo, kabokosi ka controller, mawaya, kenako transporter akulipiritseni kuchoka pa Park Station kudutsa Beitbridge ndi Nyamapanda mpaka pa Mwanza, uku mukupemphera kuti magalasi asasweke m'njira. Koma pampu yake yambiri ndi yomiza m'chitsime, imakankha madzi kuchokera pansi ndiye za mamita 7 zija sizikuikhudza, ndipo imapopa pang'onopang'ono tsiku lonse zomwe zimapatsa chitsime mpata wodzadzanso. Kwa malo ouma ubwino wake waukulu ndi umenewu, kuposa ngakhale za petulo zija. Vuto imagwira bwino masana dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe kuthirira nkungotaya madzi. Ngakhale kuno Joburg Water imaletsa kuthirira maluwa ndi paipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo nyengo yotentha pa chifukwa chomwechi. Ndiye sola yopanda thanki ndi theka la katundu. Thanki ikhale pa sitandi ya mamita awiri, izidzadza masana, kuthirira kuzichitika madzulo kapena m'mamawa. Mabatire asiyeni, amafa msanga ndipo ndi omwe akuba amayamba nawo. Mapanelo nawo amabedwa, awotcheleredwe pa fulemu kapena azikagona m'nyumba.

Pa thankipo mukalumikiza dripu, timapaipi todontheza pa tsinde tija, madzi omwe injini ikanamwaza pa bedi limodzi amakwanira mabedi angapo a tomato ndi anyezi, udzu wosafunika umachepanso poti pakati pa mizere pamakhala pouma. Koma dripu ndi yanyuwensi ngati khanda, madzi amatope amatseka timabowo ndiye fyuluta musaiwale ndipo pakhale munthu woitsuka. Kumadera ena a Chikwawa madzi apansi ngamchere, amene aja amasiya zoyera pa timabowo ndi panthaka, alaweni kaye musanaononge ndalama. Makoswe nawonso amaluma timapaipi akamafuna madzi m'chilimwe.

Ndiye ine ndikanati, dimba la pamtsinje waukulu ndipo msika wa chimanga chachiwisi uli pafupi, gulani injini, ibweza ndalama yake. Chitsime cha kumtunda chomwe chimavuta mu Okutobala, sola yaing'ono ndi thanki ndi dripu, ngakhale zitengere kusonkha miyezi ingapo kapena kulowa chipereganyu. Thankiyo musavutike nayo kunyamula kuchoka kuno, ku Blantyre ndi ku Lilongwe amagulitsa, transporter angokudyerani ndalama ya malo mu trailer.