Ndemanga: Cupramine, mankhwala a kopa a nsomba za m'madzi amchere

Ndikuwapatsa 4 pa 5. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, koma botolo palokha silichiza nsomba. Amene akuganiza zongogula, kuthira m'thanki n'kukagona, ndalama zakezo asunge.

Ndili ndi malo odyera pa Kasungu boma, ndipo polowera pali thanki ya malita 300 ya nsomba za m'nyanja yamchere: ma clownfish, blue tang yaing'ono, ma damsel, nkhono, ma shrimp ndi miyala ya m'nyanja. Kuno osunga nsomba m'galasi ambiri amasunga mbuna za m'nyanja yathu, choncho pa za madzi amchere womufunsa nzeru amasowa. Nsomba ndimagula kwa munthu wina ku Lilongwe amene amaitanitsa ku Johannesburg. Matenda anabwera ndi nsomba yatsopano yochokera kwa iyeyo, imene ananditsimikizira kuti anali ataisunga payokha n'kuona kuti ilibe vuto.

Musanagule, dziwani kaye chimene chikudwalitsa nsomba zanu, chifukwa kopa sapha tizilombo tonse. Kwa ine yoyamba inali blue tang, mtundu wodziwika kuti suchedwa kugwidwa. Inayamba kudzikhula ku miyala, kenako pazipsepse ndi m'mbali munatuluka timadontho toyera ngati wina waiwaza mchere wa patebulo, toti utha kuwerenga kamodzikamodzi. Amenewo ndi matenda a ich, ena amati white spot, ndipo m'madzi amchere amayamba ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans. Akanakhala velvet, woyamba ndi Amyloodinium ocellatum, thupi lonse likanakutidwa ndi fumbi losalala losawerengeka, nsomba ikupuma mwabefu, itaima pomwe pampu imalavulira madzi. Velvet amayambira m'makha ndipo amatha kusesa thanki yonse m'masiku ochepa, nthawi zina fumbilo lisanaoneke n'komwe. Awiriwa kopa amathana nawo. Koma clownfish ikamasupuka zoterera zoyera pakhungu, kawirikawiri ndi Brooklynella, ndipo pamenepo pamafunika formalin. Tinyongolotsi taphanthi tomata pakhungu ndi m'maso timafuna praziquantel, yemwe uja wa likodzo. Timeneti mumatizindikira poviika nsomba kwa mphindi 5 m'madzi opanda mchere, ofunda mofanana ndi a m'thanki: timayera n'kugwera pansi.

Malangizo ndinalandira ambiri, ena osapempha. Bambo wina wogula fodya amene amadya kwathu, yemwe ali ndi mbuna kunyumba, anaiyang'anitsitsa tang ija n'kunena kuti, "Achimwene, izi n'zazing'ono. Onjezerani mchere, mukweze hita, mawa ndi mkuja zatha." Kwa mbuna zawo sakunama, poti kachilombo ka m'madzi opanda mchere ndi kena, Ichthyophthirius, ndipo mchere umakavutitsadi. Koma aka ka nsomba zanga kwawo ndi mumchere momwemo. Ndipotu njira ina yokaphera ndi kuchepetsa mcherewo, kuchoka pa 1.025 ya masiku onse pa choyezera mchere kufika pa 1.009, kungoti njirayi siimugwira velvet, komanso imafuna choyezera mchere chosaphonya.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti timadontho timatha tokha. Kachilombo kamakhala m'khungu la nsomba masiku 3 mpaka 7 kakudya, kenako kamagwa, kamakamatira pa mchenga kapena pa mwala n'kudzitsekera m'kachigoba kolimba. Mmenemo kamagawikana kukhala tiana tofika mazana. Nthawi imeneyi nsomba imaoneka yosalala bwino, ndipo mwini wake amayamba kutamanda chilichonse chimene anathira dzulo lake, kaya ndi adyo kaya n'chiyani. Kenako tiana tija timaswa, makamaka usiku, n'kuyamba kusambira kufuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza pa tsiku limodzi kapena awiri timafa. Kopa amapha pa nthawi yosambirayi yokha basi. Kakakhala m'khungu sakakhudza, kakakhala m'chigoba sakakhudza. N'chifukwa chake mlingo wa kopa suyenera kusuntha usana ndi usiku. Ukangotsika usiku umodzi, tiana toswa usiku umenewo tapulumuka, ndipo masiku mwawerenga aja muyambirenso.

Kopa sathiridwa m'thanki yaikulu. Amapha nkhono, ma shrimp ndi makorali, ndipo miyala ndi mchenga wa m'nyanja zimamumwa, mlingo n'kumatsika inu osadziwa, kenako n'kudzamutulutsanso pang'onopang'ono mtsogolo. Ine ndinakonza thanki ina ya malita 120 m'kachipinda ka kuseri: yopanda mchenga, yokhala ndi hita, pampu ya mpweya, fyuluta ya siponji ndi zidutswa za mapaipi a pulasitiki zoti nsomba zizibisalamo. Nsomba zonse zinalowa mmenemo, ndi zooneka zathanzi zomwe, chifukwa kachilomboka kamatha kukhala m'makha pomwe diso silifika.

Malangizo a Seachem, kampani yopanga mankhwalawa, pabotolo ndi omveka bwino: 1 ml pa malita 40 alionse tsiku loyamba, kudikira maola 48, n'kuthiranso chimodzimodzi kuti mufike pa 0.5 mg pa lita, ndipo mukhale pamenepo masiku 14. Kwa malita 120 ndiye kuti 3 ml kawiri. Mukuona nokha kuti botolo la 100 ml simulimaliza msanga, ndipo apa mtengo wake, ngakhale ndi wowawa ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, ndimauvomereza. Ndinkayeza ndi sirinji ya ku famase, poti kuwerenga madontho sindikukhulupirira. Ndinakweza mlingo pang'onopang'ono kuti tang izolowere, koma akanakhala velvet sindikanachedwa chotero. Masiku 14 aja ine ndimawaona kuti ndi ochepa, chifukwa zigoba zina zimachedwa kuswa. Osunga nsomba ambiri odziwa amati masiku 30, ndipo ndinatsata iwowo.

Makala a mu fyuluta chotsani, amayamwa kopa. Nyali ya UV yophera tizilombo m'madzi, ngati muli nayo, thimitsani. Koma chenjezo lalikulu, limene opanga eni ake amaperekanso, ndi la mankhwala ochotsa klorini ndi omanga amoniya, poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba. Amenewa akakumana ndi Cupramine amasintha kopayo kukhala woopsa kwambiri kwa nsomba. Msampha wake ndi wakuti m'thanki yatsopano amoniya amakwera msanga, ndipo dzanja limathamangira botolo lomwelo. Njira ndi kusintha madzi basi, ndipo madzi atsopanowo muwathire kopa wa mlingo womwewo ali m'ndowa, musanawakhuthulire m'thanki. Apa ndi pomwe ndalama zinapita zenizeni, pa thumba la mchere wa m'nyanja wosakaniza kale, umene kuno kulibe ndipo umachita kukwera minibasi pa M1 kuchokera ku Lilongwe. Mchere wa kukhitchini sulowa m'malo mwake.

Imodzi ndachotsa pa 5 ija si ya mankhwalawa, ndi ya mmene amagulitsidwira kuno. Wondigulitsa analibe choyezera kopa, ndipo anangoti, "Bwana, ingotsatirani zapabotolo." Zimenezo n'zosakwanira. Pakati pa mlingo wopha kachilombo ndi wopha nsomba mpata ndi wochepa, ndipo thanki yolembedwa malita 120 sikhala ndi madzi okwana 120. Choyezera ndinachipeza kwina, cha mtundu wofananitsa madzi ndi kapepala ka mitundu, ndipo mitundu yake ndi yoyandikana moti pansi pa babu usiku simusiyanitsa 0.4 ndi 0.6. Yezerani panja masana, kumbuyo mutaika pepala loyera. Ngati mungathe kupeza cha manambala, gulani chimenecho ngakhale chidule.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi zake. Ine zinandigwera mu Okutobala, madzi akuuma mothamanga. Madzi akamauma, kopa ndi mchere zimatsala, choncho mlingo umakwera wokha. Lembani mzere pagalasi, ndipo tsiku lililonse muzibwezeretsa madzi opanda mchere komanso opanda kopa kufika pamzerepo. Magetsi akathima, nsomba ya makha odwala siipirira nthawi, madzi ofunda kale mpweya umakhala wochepa. Pampu yanga ya mpweya ndinailumikiza ku batire ya sola.

Zotsatira zake: kudzikhula kunasiya m'sabata yoyamba, timadontho tinagwa ndipo sitinabwererenso. Damsel imodzi inafa kumayambiriro, koma inalowa ikupuma kale movutika, ndiye mlandu sindiupereka kwa mankhwala. Tang inadya monyinyirika kopa atafika pa mlingo, zimene zimachitika ndithu, ndipo inabwerera pa ndere zouma za nori. Ma clownfish sanasonyeze n'komwe kuti m'madzi muli kanthu. Nthawi itakwana ndinabwezera makala mu fyuluta n'kusintha madzi mpaka choyezera chitasiya kuonetsa kopa.

Gawo lopweteka mtima ndi thanki yaikulu ija. Imayenera kukhala yopanda nsomba masiku 76, chifukwa zinapezeka kuti zigoba zina zimatha kudikira mpaka masiku 72 zisanaswe. Nkhono ndi ma shrimp zimatsala momwemo, kachilomboka sikazidya, ndiye kamafa ndi njala. Miyezi iwiri ndi theka makasitomala akusuzumira m'galasi la miyala yokhayokha, ena n'kumafunsa ngati nsomba zija tinakazinga. Anyamata ogwira ntchito ndinawauza kuti kaukonde, ndowa ndi paipi za thanki ya kuseri zisayandikire ya kutsogolo, poti madzi otsalira pa zidazi amatha kusamutsa matenda mbali iyi kapena kopa mbali inayo.

Ndingagulenso, ndipo thanki ya kuseri ija sindinaiphwasule: nsomba iliyonse yatsopano izikhala mmenemo mwezi wathunthu, kaya wogulitsa walumbira chotani. Amene alibe thanki yachiwiri ndi choyezera ayambe wagula zimenezo. Botolo lisungidwe kutali ndi ana komanso ndi zakudya, ndipo madzi osinthidwawo, poti ndi amchere ndiponso a kopa, musawatayire ku dimba kapena m'ngalande yolowera ku damu la nsomba.